Ngodya ya pa Chitsa cha Msuku

Chibakera cha a Fabiano chinatera patebulo pakhonde paja, kompyuta n'kudumpha.

"Ndati suntha nyumbayo!"

Hortência, mwana wawo, sanaphethire n'komwe. Ku Tete anaphunzira kujambula nyumba pa kompyuta, ndipo iyi inali yakeyake, yoti amange pamunda wa malemu amayi ake kuno ku Tsangano. Pachithunzipo zonse anali atazimangirira. Khoma lakutsogolo analilamula kuti lizitsata msewu osapatuka, makoma a m'mbali azikumana nalo pa sikweya, mopanda kupendekeka, ndipo ngodya yakum'mawa anaikhomera pa chitsa cha msuku chimene chinkaonekera poteropo. Anakoka khoma limodzi kuti awaonetse. Makoma enawo analitsatira, nyumba n'kutambasuka, koma ngodya ija inangoti nji pachitsa.

"Mwaona, ababa? Ndakhoma. Sisuntha."

"Zula!"

Hortência ankadziwa chimene chinkawadya mumtima akuluwa. Chibwerereni kuchokera ku Malawi, kumene anathawira nkhondo, pachitsapo sankalimapo kachewere, mbuzi sankalola kumangirirapo, ana ankawakwapula akangoyandikira. Kusungira ndani? Mkazi wawo watsopano uja, basi! Bambo akewo anali munthu wa kwaya, wokonda kunena kuti "ine nkhondo ndinangoithawa, mfuti sindinaigwirepo," koma dyera lawolo, mayo ine!

"Malo ano ndi a amayi anga," anatero Hortência. "Inu ndinu mkamwini chabe."

Mbama inalira. Kompyuta inauluka n'kukaphwanyika pamwala. Hortência analavula magazi, mutu utayaka ndi ukali. Anatola chikhomo chachitsulo ndi nyundo, liwiro kuchitsa kuja. Makina afe ngati akufa, koma ngodya aikhoma lero lomwe ndi manja ake.

Anagwada, nazika nsonga ya chikhomo m'dothi, nakweza nyundo. Mpini wa khasu unamupeza padzanja, fupa n'kulira thyo! Asanakuwe, bambo ake anali atamugwira tsitsi n'kumamukwakwaza m'minga ngati thumba la kachewere. Iye ankawaluma, kuwaponda, kuwatukwana mawu oti kholo silingamve kawiri. Sanamusiye mpaka kumsewu.

Kumeneko akuluwo anakhala pansi m'fumbi. Thalauza lawo linali litanyowa, maso ali pa chikhomo chimene chinatsala chili chiimire pambali pa chitsa.

"Malizani kundipha!" analira Hortência atafumbata dzanja lothyokalo. "Mumupatse mkazi wanuyo malowo!"

A Fabiano analoza chikhomo chija.

"Mwanawe, pansi pa chikhomo chakocho pali bomba. Ndinalikwirira ndine, ndi manja angawa, chaka chimene tinkathawa. Silinaphulikebe."