Giza Yotchipa ya Getahun

Panali munthu wina, dzina lake Getahun, amene anali atangosamukira ku tauni yozizira ya Debre Berhan. Tsiku lina anagogoda kwa mayi Yeshareg, oyandikana nawo nyumba, kufunsa komwe angagule chotenthetsera madzi osamba, poti mkazi wake anali woyembekezera.

Mayiwo anamuonetsa makina awo kuseri kwa nyumba monyadira.

“Ndinayerekezera kwa chaka chathunthu, mwananga. Chotenthetsera cha dzuwa chimagona nyengo ya mvula. Giza yamagetsi imameza mayunitsi atatu pomwe makina awa amadya imodzi, chifukwa amangokoka kutentha kwa mumpweya n'kukuthira m'madzi.”

Getahun atamva mtengo wake anaseka.

“Amayi, anakupusitsani! Mpweya wa kuno uli ndi kutentha kwanji? Imeneyi ndi firiji yoyenda chambuyo!”

“Pogula bulu umafunsanso zimene amadya,” anatero mayiwo.

Koma iye anakagula giza yaikulu yotchipa kwa munthu wina wa pamsewu, n'kumaisiya yoyaka tsiku lonse.

Mwana atabadwa, apongozi ake anabwera kudzasamalira mwana wawo wamkaziyo masiku makumi anayi, monga mwa mwambo. Kusambitsa mayi, kusambitsa khanda, kuchapa matewera, zonse madzi otentha. Mayunitsi a mwezi anatha m'masiku asanu ndi anayi. Anagula ena, nawonso anatha. Tsiku lolandira malipiro linali kutali, ndipo makala anali atanyowa ndi mvula.

M'mawa wina wozizira khanda linkalira, apongozi atagwira beseni.

“Mkamwini, paja munkati kwanu kuno madzi otentha amatuluka pakhoma. Khoma lake liti?”

Getahun ananyamula chidebe, mutu uli pansi, n'kukagogodanso kwa mayi Yeshareg. Mayiwo sanatchule za firiji. Anadzaza chidebe chawo chachikulu, nachivundikira ndi nsalu kuti madzi asazizire.

“Muziti ndi mphatso ya khanda. Mawa bweraninso, muzidzera kuseri.”

Getahun anabwera masiku khumi ndi awiri, ndipo palibe wina anamva.

Apongozi atapita, mayi Yeshareg anapeza chidebe chawo pakhomo. Munali khofi wosakazinga, nsalu ija yochapidwa bwino, ndi kapepala: “Amayi, bulu wanu uja anagulidwa kuti?”

Phunziro: Usanagule chinthu, funsa zimene chizidya mwezi ndi mwezi, ndipo usaseke amene anawerengera iwe usanafike. Tumizirani nkhaniyi m'bale wanu amene akumanga nyumba, asadzayende ndi chidebe.