Otsalira Pakhonde

Raili Tuovinen atafika kunyumba kwa wapampando wa khonsolo, anapeza amuna onse akutsikira kale ku sauna, kanyumba kosambiramo nthunzi. Anangoona misana yawo, matawulo ali m'khosi. Pakati pawo panali mlendo wamtali wovala tayi, ndipo Bambo Hyvönen, wapampandoyo, anali atamugwira paphewa ngati mbale wake.

Raili anakukuta mano. Kukama ng'ombe n'kumene kunamuchedwetsa, koma sanakhulupirire kuti amunawo anangolephera kudikira. Boma linkafuna kukwirira zinyalala za nyukiliya pansi pa thanthwe la kuseri kwa famu yake, kumene kumatumphukira kasupe womwako ng'ombe zake. Lamulo linali loti khonsolo ikakana, boma silingakumbe. Tsiku lovota linali lisanadziwike, poti ankadikira kumva tsiku limene nthumwi ya boma idzakhale ndi mpata. Nanga bwanji lero nthumwiyo aithamangitsira m'kanyumba ka nthunzi, mmene amuna amasamba okhaokha, chikhalirecho khansala wotsutsa kwambiri ndi iyeyo, mkazi?

Pakhonde panatsala mayi mmodzi wa imvi, wovala juzi yoluka pamanja. Pathebulo panali khofi, mabanzi ndi makiyi a galimoto. Mayiyo anati dzina lake ndi Marjatta, ndipo wabwera pa galimoto imodzi ndi mlendo wamtali uja kuchokera ku likulu la dziko, ku Helsinki. Raili anamumvera chisoni. Akazi a mabwana moyo wawo ndi wodikira basi.

"Nanunso akutayani panja, mayi?"

"Ndinazolowera," anayankha Marjatta, akumuthirira khofi.

Kumunsi kuja madzi anati tsaa pa miyala yotentha, kenaka kunamveka chikhakhali. Raili anatchera khutu. Kuseka kokweza kuja kunali kwa Tauno, mwamuna wake, munthu amene kunyumba amatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Kodi amulonjeza chiyani?

Marjatta sanali wolongolola. Anafunsa mayina a ng'ombe, anafunsa za kasupe, ndipo ankamvetsera mogwedeza mutu. Raili anali atatha miyezi akukayikira aliyense, ngakhale abusa ndi wogulitsa mafuta, choncho kupeza womumvera kunamumasula lilime. Mayiyo atafunsa mwachifundo ngati sakuopa kugonja, iye anaseka.

"Aseke kumeneko mpaka khungu lisupuke. Povota tiwaposa ndi munthu mmodzi."

Kenaka anasendeza mpando n'kutsitsa mawu. Mantha ake, anatero, anali pa Veikko ndi mng'ono wake, makhansala awiri a mbali yake. Ndi anthu osagulika, koma tsiku lotsegulira nyengo yosaka mphalapala likafika, ngakhale tchalitchi chitayaka moto sangatuluke m'nkhalango. Pomwe a mbali inayo ndi anthu a m'masitolo, mfuti amangoionera patali.

"Mwayi wake Hyvönen mutu wake sufika kumeneko. Koma inu mayi, musakawanong'oneze amuna anu."

"Amuna anga sadzazimva, ndikulonjeza," anatero Marjatta.

Patapita nthawi amuna aja anakwera chitunda, nkhope zili psuu, nthunzi ikufuka m'mitu. Raili anawayang'ana mmodzimmodzi, kufunafuna wamanyazi. Tauno anathawitsa maso. Mlendo wamtali uja anawapitirira onse, tayi ili m'manja, n'kutola makiyi pathebulo.

"Pepani bwana," anatero kwa Marjatta, "andichedwetsa ndi nthano zawo. Ndibweretse galimoto?"

Marjatta anamaliza khofi wake mosafulumira, n'kutembenukira kwa wapampando.

"Bambo Hyvönen, munkafunsa tsiku loti ndidzakhalepo pa voti yanu. Mpata ndaupeza. Ikani tsiku lotsegulira kusaka mphalapala."