Chala cha Agogo Lufina

"Usalipinde, Tisungane! Pepalali ndi kope la kalata imene ndinapemphera boma kuti limasule agogo ako aamuna," anatero agogo Lufina, uku akusuzumira pazenera.

Amuna awo, a Hilary, anamangidwa nthawi imene Amereka ndi Rasha ankalimbirana dziko, ati wailesi yawo ya ku Joni inkagwira Mosiko, likulu la Rasha. Sanabwerenso. Kuyambira pamenepo pepalalo linkangokhala m'sutikesi, agogo akuopa kulionetsa munthu.

"Analemba ndi alongo anga a Benson, ine ndinangodinda chala. Werenga chapansipansi, mwanawe, anthu a pa Lizulu sasunga pakamwa."

Tisungane anawerenga: "Ine Lufina ndikuchitira umboni kuti mwamuna wanga ndi wachikomyunizimu."

Agogo anayang'anitsitsa chala chawo chachikulu.

"Odi, mlongo!" anatero a Benson panja, atanyamula kachewere, monga amachitira Loweruka lililonse.