Mahedifoni Ofiira

Bambowo anali atayesa kale mahedifoni amitundu itatu, ndipo onse anawabweza pakauntala osanena chabwino kapena choipa. Mayi wogulitsa sanadandaule. Zaka zisanu ndi chimodzi m'kashopu kameneka zinali zitamuphunzitsa kuti kasitomala wotere amatopa yekha. Pakauntalapo panali kabokosi koyesera, kopanda sipika, komwe kankazunguza nyimbo imodzimodzi tsiku lonse, ndipo nayenso mawu ake ankangozungulira chimodzimodzi, mtima uli zii.

"Tating'ono iti n'tam'minibasi, timabisala m'khutu. Awa opanda chingwe ndi a anthu othamanga m'mawa, sagwa ngakhale mutuluke thukuta. Awa ali ndi kolankhulira, ndi a anthu okhalira pafoni."

Bambowo ankamuyang'ana pakamwa. Osati m'maso ayi, pakamwa penipeni. Mayiyo anali atazizolowera zoterezi, poti azibambo ena imvi zimangowamera, manyazi osabwera nazo. Anapukuta milomo ndi kuseri kwa dzanja n'kupitiriza.

Jekete la bambowo linali lalikulu kuposa thupi, kolala ya malaya ikuyendayenda m'khosi. Popanda wowafunsa, anayamba kufotokoza mokweza mawu ngati ali kutsidya kwa msewu. Anagona m'chipatala milungu isanu ndi matenda oumitsa khosi, jakisoni m'mawa ndi madzulo. Lolemba akubwerera kuntchito. Amataipa makalata pakompyuta mu ofesi ina, zaka makumi awiri pampando umodzi.

"Kwabwera abwana atsopano, mayi, ndipo akuchotsa anthu. Akangokuona kuti pena pake pafooka, basi kalata. Anzanga awiri apita kale. Ine ndili ndi ana atatu pasukulu."

"Nanga mahedifoni akulowa pati pamenepa, bambo?"

"Achinyamata onse mu ofesi muja amataipa atavala zimenezi. Palibe amene amawavutitsa."

Apa mayiyo anamvetsa. Ena akaopa kuchotsedwa ntchito amadaya imvi, ena amagula nsapato zosongoka, awa asankha mahedifoni. Munthu wamkulu kufuna kubisala pakati pa ana obadwa dzulo. Sanamve chisoni, sanafunenso kuseka. Anangowerama kuti aone pashelefu yapansi.

"Mumakonda nyimbo zanji?" anafunsa mutu uli m'makatoni. "Zakwaya, zamagitala, kapena zogunda kwambiri? Chifukwa iliyonse ili ndi mahedifoni ake."

Atadzuka anapeza bambowo akudziyang'ana pakagalasi kapakhoma, akukonza kolala ija. Matama a anthu a mu ofesi, anatero mumtima. Ukawafunsa funso amayankha nthawi yomwe afuna okha.

Anaika pakauntala bokosi latsopano n'kulitsegula. Munali mahedifoni aakulu, ofiira psu, a chingwe chachitali, amene anakhala miyezi pashelefu popanda wowafuna.

"Awa amaphimba khutu lonse. Mukavala, munthu ngakhale akuitaneni katatu simungamve. Ndipo sakwiya, amaona yekha kuti mwavala."

"Mwati bwanji? Tabwerezani."

Anabwereza, mawu omwewo, liwu lomwelo. Kwa nthawi yoyamba nkhope ya bambowo inamasuka. Anawanyamula ndi manja awiri, mosamala ngati mbale yobwereka.

Nthawi yomweyo galimoto yobweretsa katundu inaima pakhomo, dalaivala n'kuyamba kuliza hutala mosaleza mtima. Mayiyo anazungulira kauntala n'kulunjika kukhomo.

"Lowetsani chingwecho m'kabokosi koyeserako," anatero akupita, osacheuka. "Nyimbo ikulira kale."

Makatoni anali ambiri, dalaivala anali wolongolola, ndipo panapita mphindi zisanu. Pobwerera anapeza bambowo atavala mahedifoni aja, ataima pagalasi, chingwe chitatsikira kuseri kwa mulu wa mabokosi. Ankagwedeza mutu pang'onopang'ono, chala chikugogoda pakauntala. Ankatembenukira uku ndi uku, kudziona cham'mbali, kenako n'kubwerera m'mbuyo masitepe awiri kuti adzione ali patali. Mayiyo anaima n'kumawaonerera. Nyimbo ya m'kabokosi ija anali ataimva kambirimbiri moti inasiya kukhala nyimbo, koma onani mkulu uyu, yamulowa mpaka m'mafupa.

Anawagwira pamkono. Bambowo anadzidzimuka, n'kuvula.

"Awa ndiye awa!" anakuwa. "Akumveka bwino zedi. Ndipo munthu ali kukhomo kwa ofesi angawaone, eti?"

"Angawaone."

"Ngakhale abwana atabwera chakumbuyo?"

"Ngakhale chakumbuyo. Ofiira sabisika."

Bambowo anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula katundu. Mayiyo anafuna kuwauza kuti mahedifoni sabweza zaka, kuti abwana ofuna kuchotsa munthu sayang'ana zimene wavala kumutu. Koma ntchito yake inali yogulitsa, osati yolangiza. Analandira mahedifoniwo n'kuyamba kukulunga chingwe kuzala zake kuti abwezere m'bokosi.

Chingwecho chinabwera mopepuka, osakoka kanthu. Kumapeto kwake, pulagi inali idakali m'kachipewa kake ka pulasitiki ka kufakitale, kosachotsedwa n'komwe.

Mayiyo anadzutsa mutu. Bambowo anali atagwedezera mutu nyimbo imene sinafike n'komwe, poti makutu awo anatsala m'chipatala muja. Tsopano ankamuyang'ananso pakamwa, chikwama chili m'manja, kudikira kuti aone mtengo wake pamilomo.