Thonje m'Makutu mwa Mphezi

Alfonsi Jere anaimika njinga yake pamzere wa phulusa, makutu atatseka ndi thonje. Bwalo la masewera la ku Foti Jemisoni linali litadzaza, koma iye ankangoona milomo ya anthu ikuyasama ngati ya nsomba. Patebulo, pansi pa mbendera, panali mphoto ya mpikisano wa njinga: matayala awiri atsopano, akuda bii.

Chinali chaka cha 1943, nkhondo itameza mphira yense. Matayala a Alfonsi anali opakiramo udzu, ndipo mwini sitolo amene ankamutuma ndi katundu ku Madzimoyo anali atamuchenjeza kale. Anati choyendera udzu ndi mbuzi, ndipo iye salemba mbuzi ntchito.

Mpikisanowu unali wa Alfonsi chaka ndi chaka. Dzina loti Mphezi sanachite kugula. Koma munthu wozolowera kuomberedwa m'manja sagona bwino, ndipo mawondo ake anali atayamba kudandaula pazitunda. Kenako anaona zimene zinamuthetsa nzeru. Lazaro, telala wa pakhonde la sitolo, madzulo aliwonse ankapita kuseri n'kukwera njinga, koma osapita kulikonse. Ankangogwedeza chiwongolero uku ndi uku, lilime kunja, akusuntha ngati nanzikambe.

Munthu wamutu wabwino sachita zotero anthu akuona. Alfonsi anazindikira msanga kuti amenewo ndi malamulo a mankhwala. Ndipo ngati telala wakhwima, ndiye kuti onse akhwima: mesenjala wa pa Boma, wophika buledi, mwinanso ndi katekisiti yemwe. Nanga iye yekha apalase ndi miyendo yopanda kanthu ngati chitsiru? Anali munthu wa kwaya, ndipo mtima unamutsutsa pang'ono. Anaukhazika pansi ndi mwambi wakuti liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Kumeneko sikuba ayi, n'kungopeza anzako pamene ali.

Choncho anapita kwa Bizwell, amene anabwera kuchokera kumigodi ya ku Wanki ndi sutikesi yodzaza mabotolo. Bizwell anamutema mphini m'mawondo, n'kupakamo phulusa la nthenga za namzeze, n'kumumwetsa madzi owawa onunkha palafini. Malipiro ake anali belu la njinga ndi nkhuku yofungatira ya Elesi, mkazi wa Alfonsi, amene sanafunsidwe.

"Iwe udzauluka, anzako miyendo idzamangika," anatero Bizwell. "Koma tsikulo, dzuwa likangotuluka, usamve mawu a munthu, ndipo usacheuke mpaka utafika. Mawu a munthu amasukulutsa mankhwala."

N'chifukwa chake m'mawa, Elesi atabwera kuchokera kumsika ali wefuwefu n'kumukoka malaya, Alfonsi anangoyang'ana kumbali. Nkhani ya nkhuku ikanatha kudikira. Pabwalo napo, aphunzitsi a Edmund, oyendetsa masewera, analankhula nthawi yaitali kudzera m'chifanelo cha malata chokuzira mawu. Anthu anaseka. Alfonsi nayenso anaseka, kuti asaonekere.

Kansalu koyera koyambitsira mpikisano kanagwa pansi.

Abale, Mphezi anang'anima tsiku limenelo! Mphini zinkamuyabwa, palafini ankamubwerera kukhosi, udzu unkathothoka m'matayala n'kumauluka kumbuyo kwake. Mantha onse a miyezi ija anasungunuka. M'mbali mwa bwalo anthu anaimirira. Ena ankamukupizira manja, ena ankagubuduka pansi atagwira nthiti. Anaona Elesi atanyamula manja pamutu, ndipo anamukhululukira mkwiyo wa m'mawa uja. Chimwemwe chimagwira anthu mosiyanasiyana.

Anadutsa mzere womaliza ali yekhayekha, n'kukaima m'munda wa mbatata wa apolisi chifukwa mabuleki anali atatha kalekale. Apo ndi pamene anacheuka.

Anangoti kukamwa yasa. Anzake onse anali akadali pafupi ndi poyambira. Mesenjala ankanjenjemera pachishalo, thukuta lili kamukamu. Wophika buledi anapendekeka, n'kuponda pansi, n'kutuluka pabwalo akupukusa mutu. Ndipo kumbuyo kwa onsewo kunali Lazaro, amene anali asanayende ngakhale utali wa mphasa.

Misozi inalengeza m'maso mwa Alfonsi. Bizwell sananame: miyendo inamangikadi. Munthu wotere nkhuku imodzi inamuchepera, anayenera mbuzi. Lazaro naye anamumvetsa chisoni, telala wosauka, mankhwala ake atamutembenukira pamaso pa Boma lonse. Anaganiza zodzamupatsa matayala akalewo, udzu ndi udzu womwe.

Anakankha njinga yake mpaka patebulo, n'kuima chilili, chifuwa patsogolo. Thonje sanachotse, poopa kumasula anzakewo nthawi isanakwane. Anasisita tayala limodzi ndi chala. Linkanunkha bwino, fungo la ntchito ndi ulemu. Aphunzitsi a Edmund anamuchotsa dzanjalo mwaulemu, ndipo Alfonsi anagwedeza mutu momvetsa. Zinthu za Boma zili ndi dongosolo lake.

Anadikira. Katekisiti anafika, nkhope ili yakugwa. Mesenjala anafika, n'kuponya chipewa pansi. Khamu lonse linali litatembenukira kubwalo likuvina, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woyang'ana Mphezi. Nsanje ya anthu a m'tauni!

Ndipamene Elesi anafika, n'kumugwira khutu ngati mwana, n'kuzula thonje lija. Phokoso linalowa m'mutu mwake, ndipo dzina limene anthu ankaimba silinali lake.

"Atate ake Vailet, ndimati ndikuuzeni m'mawa muja," anatero Elesi. "A Boma ati liwiro likutha matayala. Chaka chino wopambana ndi wofika pomalizira osaponda pansi."

Chapatali, Lazaro anali akubwerabe, lilime kunja.