Njira ya Mvuu ya ku Dambo la Chisenjere

Padangokhala, chaka chachitatu dzombe litapita, Njiri ndi Mvuu ankadya msipu pa dambo la kumtunda lotchedwa Chisenjere. Pochokera kumtsinje, Njiri ankakwera mokhotakhota, koma Mvuu ankangolunjika kuti ayambe ndiye kudya.

"Achimwene, njira yanuyi yayamba kukumbika," anatero Njiri. "Madzi a m'dambo adzaitsata."

"Iwe wodya chogwada, ungandiphunzitse kuyenda?" anayankha Mvuu.

Mvula ya Januwale inatsata mapazi ake ndipo inakumba chigwembe. Madzi onse anatsikira momwemo, moti pofika Ogasiti dambolo linali fumbi lokhalokha. Njiri anafukula mizu nakhuta. Mvuu, nthiti zikuwerengeka, anaima m'chigwembemo nadandaula kuti, "Mvula ya masiku ano ilibe mwambo."