Pulogalamu Yaulere ya Naphuma

Pulojekita inali itayaka kale, fani ikulira kudenga, koma a Mabatani anali akadali pa foni. Naphuma anawaponyera diso, n'kutsonya chamumtima. Munthu wamkulu, imvi mbuu, maso ofiira ngati sagona, koma chala pa foni tsiku lonse! Mu ofesi monse ankanong'onezana kuti madalawo ali ndi kachibwenzi.

"Madala, foniyo ikhale patebulo, tiyambe," anatero abwana, eni kampani, akuthira shuga mu tiyi.

Kampaniyo inali yofufuza maganizo a ogula: sopo uyu akuchita thovu bwanji, mafuta awa akununkhira kapena ayi. Mayankho a anthu ankalowa mu pulogalamu yowerengera, n'kutuluka ali matebulo ndi machati. Pulogalamuyo inali yogula, ndipo layisensi yake inkakwera mtengo chaka ndi chaka. Naphuma ankafuna asamukire ku ina yaulere, imene anthu ongodzipereka pa intaneti amailemba ndi kuikonza okha. A Mabatani, mkulu wa ziwerengero, ankakana kwamtuwagalu.

Dzinalo analitengera ku pulogalamu yakaleyo, yongodina mabatani basi. Yatsopanoyi imafuna munthu azilemba malamulo mzere ndi mzere. Ndiye Naphuma sankakayika n'komwe: madala akuopa kubwerera kusukulu ndi imvi.

Abwana anali atamuuza mosapsatira. Akawatsimikizira lero, ntchito yosamukayo aitsogolera ndi iye, ndi mpando wa utsogoleri womwe. Akalephera, abwerera kolowetsa mayankho, ndipo nkhaniyi isadzamvekenso. Kolowetsa mayankho kuja, kumene msana unamuwawa zaka ndi zaka, Naphuma sankakufuna ngakhale kutulo. Mantha anali nawo, koma anawabisa m'kumwetulira.

Anayamba. Machati anatuluka pakhoma okongola ngati zitenje zatsopano. Tebulo limene pulogalamu yakale inkalikoka mpaka nkhomaliro, iyi inalilavula abwana asanamalize kutakasa tiyi. Abwana anagwedeza mutu, maso ali pa mtengo wa layisensi umene Naphuma anaulemba dala ndi zilembo zofiira.

Apo a Mabatani anatsokomola.

"Abwana, chaulere kulibe. Mukaona chinthu chaulere, dziwani kuti kwinakwake kuli munthu amene akuthyoka nacho msana. Yogulayi ikavuta timaimbira eni ake, anthu a pa malipiro. Nanga iyi ikadzavuta, lipoti la kasitomala likufunika mawa, tidzaimbira ndani? Walira mvula walira matope."

Abwana anaika kapu pansi, n'kutembenukira kwa Naphuma. Iye mtima unangoti myaa. Funso limeneli ndi lomwe ankalidikira, chifukwa anali ndi Kadzidzi.

Kadzidzi anali munthu wina pa bwalo la pa intaneti la ogwiritsa ntchito pulogalamu yaulereyo. Dzina lenileni palibe ankalidziwa. Pa malo a nkhope anaikapo chithunzi cha kadzidzi wovala magalasi. Gawo lokonza matebulo a kafukufuku analemba ndi iyeyo, ndipo aliyense wosokonezeka ankamuyankha. Naphuma anaphunzira zonse kwa iye. Ankamufunsa Loweruka, ankamufunsa Lamlungu, ankamufunsa ali pamzere ku banki. Kawirikawiri vuto linkakhala lomwelomwelo, loiwala kutseka bulaketi, kachizindikiro kotsekera lamulo, koma munthuyo sankatopa. Anazolowerana mpaka Naphuma anayamba kumukhuthulira za kuntchito: zakuti ku ofesi kwawo kuli nkhalamba ina yoopa pulogalamu yatsopano ngati yaona njoka. Kadzidzi anangoyankha kuti mwina nkhalambayo ili ndi zifukwa zake. Aa, munthu waulemu bwanji!

"Tidzafunsa Kadzidzi, abwana," anatero Naphuma, n'kufotokoza zonse, kupatula za nkhalamba zija. "Amayankha nthawi iliyonse, osalipiritsa. Ndipo si ine ndekha ayi. Tikasamuka, ofesi yonse izimufunsa: olowetsa mayankho, a machati, ngakhale inuyo."

A Mabatani anabuula ngati wina wawaponda chala.

"Munthu osalipidwa, n'kumayankha Lamlungu?" anadabwa abwana. "Alibe banja ameneyo?"

"Kaya, mwina alibe chochita," anatero Naphuma akuseka. Anaseka yekha.

"Chabwino. Mufunse pompano, tonse tikuona. Akayankha tiyi wangayu asanazizire, tasamuka, ndipo mpando ndi wako. Akapanda kuyankha, Lolemba ukakhale kolowetsa mayankho."

Naphuma anakokera kompyuta pafupi. Analemba lamulo lovuta la tebulo la sopo, pulogalamu n'kulikana, ndipo inalikana zenizeni, osati zongoyerekeza. Analikopera pa bwalo lija mofulumira, n'kuwonjezera kuti, "Achimwene Kadzidzi, ndithandizeni msanga, ntchito yanga ili m'madzi." Anatumiza. Naphuma anayang'ana nthunzi ya tiyi ikuchepa, n'kuyamba kupemphera kuti munthuyo asakhale ali kubafa.

Pakati pa tebulo, foni ya a Mabatani inanjenjemera n'kuyaka. Pagalasi pake panali kadzidzi wovala magalasi, ndi uthenga wa ntchito ili m'madzi.

A Mabatani anaiyang'ana, anayang'ana tiyi wa abwana, kenako anapumira m'mwamba.

"Waiwalanso kutseka bulaketi, mwanawe. Tenga mpandowo. Iwe wekha unandilanda Loweruka ndi Lamlungu, mpaka mayi akunyumba akuti ndili ndi chibwenzi. Lero nkhalamba yoopa njoka ija waibweretsera ofesi yonse, ulere."